Omwe Sadasaine Chikalata: Za Makomiti Ounika Kafukufuku wa Majini ndi Tizilombo

Nkhani yomwe tikufuna kukambirana nanu idabuka kumayambiriro kwa chaka cha 2024, pamsonkhano wathu wa pamwezi m'holo ya tchalitchi. Tidali titamaliza za zopereka za maliro, mbale za nsima zikuchotsedwa, pamene mayi wina mwa ife adapempha kuti ayankhulepo. Mwana wawo wamwamuna adabadwa ndi matenda a sickle cell, ndipo ambiri a ife tidakhalapo nawo m'chipatala usiku mnyamatayo akubuula ndi ululu wa m'mafupa. Mayiwo adali atamva kuti mu Novembala 2023 bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, la MHRA, lidavomereza chithandizo chatsopano chotchedwa Casgevy. Adatembenukira kwa ife n'kunena kuti: "Inu anamwino, tatiuzeni. Ngati mankhwala apezeka, nanga makomiti onsewa akudikirira chiyani? Mwana wanga akuvutika lero."

Tisanayankhe, bambo wina wachikulire adalowererapo. "Mayi, musapereke mwana. Zinthu zimenezi amayesera pa ife anthu akuda, ndipo makomitiwo ndi a iwo omwewo." M'holomo mudagawikana, ena mbali ya mayi, ena mbali ya bambo. Ife, ngakhale tili ndi dipuloma ya unamwino ndipo takhala zaka zambiri tikusamalira okalamba, tidayankha zapamwambamwamba. Zidatiwawa mumtima, ndiye tidayamba kuwerenga ndi kufunsa. Zotsatirazi ndi yankho lomwe tidalephera kupereka tsiku lija.

Tiyambe ndi liwu lenileni. Kwathu munthu akati "majini" ambiri amaganiza za mizimu yogwira anthu, ndipo mwina mantha ena amayambira pomwepo. Majini omwe tikunena pano ndi malangizo olembedwa mu DNA ya m'maselo athu, amene timatengera kwa bambo ndi mayi. Mwa munthu wa sickle cell, malangizo opangira haemoglobin, chinthu chonyamula mpweya m'magazi, ali ndi cholakwika chimodzi, ndipo maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha. Chithandizo cha majini chimayesa kukonza kapena kuwonjezera malangizowo. Casgevy amachita izi ndi njira ya CRISPR pa maselo a wodwalayo atawatulutsa m'thupi, kuti ayambirenso kupanga haemoglobin ya mtundu womwe mwana amakhala nawo asanabadwe. Koma mankhwala ena ambiri a mtundu umenewu amanyamulidwa ndi vairasi yomwe akatswiri aichotsa mano. Mwachitsanzo Lyfgenia, yomwe idavomerezedwa ku America mu Disembala 2023 pa matenda omwewa, imagwiritsa ntchito chonyamulira chopangidwa kuchokera ku HIV. Katemera wa Oxford ndi AstraZeneca, yemwe adafika ku Malawi mu Marichi 2021, adanyamulidwa ndi adenovirus ya anyani a mtundu wa chimpanzi. N'chifukwa chake ntchito ya majini ndi ya tizilombo toyambitsa matenda imaunikidwa pakhomo limodzi.

Chomwe sitidachidziwe bwino n'chakuti makomitiwa sagwira ntchito imodzi. A MHRA amafunsa ngati mankhwala akugwira ntchito ndiponso ngati kuopsa kwake n'kopiririka. A NICE amafunsa ngati a NHS angawagule pamtengo wake, ndipo apa ndi pomwe Casgevy adachedwera, pakuti mtengo wolengezedwa udali mapaundi 1.65 miliyoni pa munthu mmodzi. Komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku imafunsa ngati munthu wauzidwa zoona ndipo wavomera mosakakamizidwa. Ndiyeno pali komiti yomwe simveka kawirikawiri, yoona za chitetezo pogwira zinthu zamoyo. Iyi imakhala pa yunivesite kapena pachipatala pomwepo, ndipo imaganizira anthu amene sadafunsidwe chilichonse: wosesa mu labotale, wokankha bedi, wochapa nsalu, woyendetsa galimoto ya zinyalala, mwana wa m'nyumba yoyandikana, ngakhale ng'ombe za m'munda wa kuseri.

Kuno ku Britain tizilombo timaikidwa m'magulu anayi malinga ndi kuopsa kwake. Chikuku chili m'gulu lachiwiri, TB ndi HIV zili m'gulu lachitatu, Ebola ili m'gulu lachinayi. Gulu lililonse lili ndi mtundu wa chipinda chomwe liyenera kugwiridwiramo. Pagulu lachitatu, mpweya umakokedwera mkati kuti usatulukire pakhomo, umasefedwa usanatayidwe kunja, ndipo zinyalala zimaphikidwa ndi nthunzi yotentha kwambiri zisanachoke. Malamulo a chaka cha 2014 okhudza zamoyo zosinthidwa majini amafuna kuti wofufuza alembe kaye kuopsa konse kwa ntchito yake. Ntchito ikakhala ya gawo lachiwiri kupita m'mwamba, komiti ya pamalopo iyenera kuona zolembazo, ndipo ya gawo lachitatu ndi lachinayi siyamba popanda chilolezo chochokera ku boma kudzera ku Health and Safety Executive. Mafunso a komitiyi ndi a pansi kwambiri. Botolo likasweka, akolope ndani, ndi mankhwala anji? Namwino akadzibaya ndi jakisoni 3 koloko m'bandakucha, aimbire yani? Kodi vairasi yonyamulayi ingathe kuchulukana? Kodi ituluka m'thupi la wodwala, ndipo kwa masiku angati?

Funso lomalizali lidatifika pamtima, chifukwa limathera m'manja mwathu. Pali mankhwala otchedwa Zolgensma, omwe amaperekedwa kwa makanda a matenda ofoola minofu a spinal muscular atrophy, ndipo a NHS adayamba kuwapereka mu 2021. Mwana akalandira, vairasi yonyamulayo imatuluka m'chimbudzi chake kwa kanthawi. Choncho malangizo amati kwa mwezi wathunthu womusamalira asambe m'manja mosamala ndipo matewera amangidwe m'matumba asanatayidwe. Ife amene tasintha matewera osawerengeka, a ana ndi a agogo omwe, tidazindikira kuti penapake padakhala anthu patebulo n'kuganizira za manja athu, ngakhale sadziwa maina athu.

Kuti timvetse chifukwa chomwe anthu amenewa amakakamira pa tinthu tating'ono, sitifunika kupita kutali, pakuti nkhani yake idachitikira mumzinda uno. Mu 1978, pa sukulu ya zachipatala ya University of Birmingham ku Edgbaston, padali labotale ya Pulofesa Henry Bedson yomwe inkasunga kachilombo ka nthomba. Pamwamba pake pankagwira ntchito mayi wa zaka 40, Janet Parker, wojambula zithunzi za chipatala. Iye sadali wofufuza, ndipo nthomba sinali ntchito yake. Pa 11 Ogasiti adayamba kudwala, ndipo poyamba anthu adaganiza kuti ndi katsabola. Adamwalira pa 11 Sepitembala pachipatala chopatula odwala cha Catherine-de-Barnes pafupi ndi Solihull. Mayi ake adatenga matendawo koma adachira. Bambo ake adamwalira ali m'malo opatulidwa masiku ochepa mwana wawo asanatsikire kulichete. Bedson adadzipha. Anthu mazanamazana adapatulidwa kapena kubayidwa katemera. Kafukufuku wa boma wotsogozedwa ndi Pulofesa Reginald Shooter adapeza kuti labotaleyo sinkafika pa muyezo woyenera, ngakhale idayenderedwapo ndi kuloledwa kupitiriza. Khoti silidaipeze yunivesiteyo yolakwa mu 1979, ndipo njira yeniyeni yomwe kachilomboko kadadutsa sidatsimikizike. Janet Parker ndiye munthu womaliza wodziwika kufa ndi nthomba padziko lonse. Womaliza kudwala nthomba yofala mwachilengedwe, yosachokera mu labotale, mu Okutobala 1977 ku Merca m'dziko la Somalia, adali Ali Maow Maalin, wophika pachipatala, ndipo iye adachira. Mu Meyi 1980 bungwe la WHO lidalengeza kuti nthomba yatha.

Wophika ndi wojambula zithunzi. Tikamadutsa ku Edgbaston pabasi popita kuntchito, timawakumbukira awiriwa, chifukwa ntchito zawo ndi za mtundu womwe ambiri a ife timagwira m'maiko a eni. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo sizidathere mu 1978. Mu Ogasiti 2007, kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe kadatuluka pamalo a kafukufuku ku Pirbright m'chigawo cha Surrey, ndipo ofufuza adaloza mapaipi owonongeka a madzi oipa. Alimi amene ziweto zawo zidaphedwa sadasaine chikalata chilichonse.

Makomiti amenewa sadagwe kumwamba. Mu Febuluwale 1975 akatswiri pafupifupi 140 adakumana ku Asilomar ku California, atayamba adziletsa okha mitundu ina ya kafukufuku wolumikiza DNA, kuti agwirizane za kagwiridwe kotetezeka. Mu 1976 bungwe la NIH ku America lidatulutsa malangizo ake oyamba, ndipo m'kukonzedwa kwake malangizowo adafika polamula kuti komiti ya pamalo ikhale ndi anthu osachepera asanu, awiri mwa iwo akhale osagwira ntchito pamalopo, oimira anthu a m'deralo. Chaka chomwecho cha 1976, mzinda wa Cambridge ku Massachusetts, kumene kuli Harvard ndi MIT, udasankha nzika wamba kuti ziunike ngati kafukufukuyu angachitike pakati pa nyumba zawo. M'gululo mudali namwino, sisitere wa Katolika, dokotala, katswiri wa zomangamanga ndi wamalonda a mafuta. Adamvetsera mbali zonse kwa miyezi ingapo, n'kulangiza kuti ntchito ipitirire koma ndi malamulo owonjezera, ndipo mzindawo udakhazikitsa lamulo lake mu 1977. Tidakondwa kuwerenga kuti namwino adakhala pampando woterowo ndipo mawu ake adawerengedwa.

Tsopano tiyenera kunena chilungamo kwa bambo athu aja, pakuti nkhawa yawo ili ndi phata. Komiti imaona zomwe yapatsidwa. Ikabisiridwa, kuvomereza kwake kumasanduka chidindo chabe. Mu Sepitembala 1999, mnyamata wa zaka 18 wa ku Arizona, Jesse Gelsinger, adalowa m'kafukufuku pa University of Pennsylvania. Adali ndi matenda a chiwindi otchedwa OTC deficiency, omwe amachititsa ammonia kuchuluka m'magazi, koma iye ankakhala bwino ndi zakudya zosankha ndi mapiritsi. Adadzipereka kuti makanda obadwa ndi mtundu woopsa wa matendawo adzapeze thandizo. Pa 13 Sepitembala adalandira adenovirus yonyamula jini, chitetezo cha m'thupi mwake chidalusa mopyola muyezo, ndipo pa 17 Sepitembala adamwalira. Bungwe la FDA litafufuza lidapeza kuti ammonia wake adali pamwamba pa malire olowera m'kafukufukuyo, kuti mavuto aakulu omwe ena adakumana nawo kale sadanenedwe moyenera, ndiponso kuti chikalata chomwe adasaina sichidatchule za anyani omwe adafa poyesedwa mankhwala ofanana. Zidadziwikanso kuti wotsogolera bungwe lomwe linkachita kafukufukuyo adali ndi masheya m'kampani yomwe ikadapindula. Jesse adali mzungu, kutanthauza kuti kubisa sikuyang'ana khungu, ngakhale tikudziwa kuti anthu akuda ali ndi mabala awoawo, monga kafukufuku wa chindoko wa ku Tuskegee yemwe adatha mu 1972.

Powerenga za Jesse tidakumbukira tchimo lathu lomwe. Usiku wina mu 2020, panyumba ina yosamalira okalamba, tidatsala awiri okha pashifiti chifukwa anzathu adali atadwala. Padali agogo ena omwe ankafunika kutembenuzidwa maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda za pabedi. Nthawi ya 2 koloko idatidutsa tili ndi wodwala wina wobanika. Titafika 4 koloko tidawatembenuza, ndipo pafomu tidasainira nthawi zonse ziwiri. Namwino wa m'mawa adawerenga fomuyo, adaikhulupirira, n'kupita kwa ena. Madzulo ake pantchafu ya agogowo padali patafiira. Tidaulula, chilondacho chidagwidwa msanga, ndipo adachira, koma manyazi ake sadatichoke. Fomu ija idalibe vuto, ndipo namwino uja sadalakwe. Dongosolo lonse lidadalira dzanja limodzi lolemba zoona pa ola lomwe palibe akuona. Kuyambira pamenepo sitinyoza mapepala, ndiponso sitiwapembedza. Pepala la komiti ya pa yunivesite ndi fomu ya m'chipinda cha agogo ndi pachibale: zonse zimateteza munthu amene sangadziyankhulire, malinga ngati olemba ali oona mtima ndipo owerenga ali ndi mphamvu yofunsa.

Pali chinanso chomwe ngakhale oona mtima sangachione pa tsiku loyamba. Ku Paris, pachipatala cha Necker, madokotala adalengeza mu 2000 kuti achiritsa ana obadwa opanda chitetezo cha m'thupi pogwiritsa ntchito majini. Kuyambira mu 2002 ena mwa anawo adadwala khansa ya m'magazi, chifukwa chonyamuliracho chidakakhala pafupi ndi jini yolamulira kuchulukana kwa maselo n'kuidzutsa. Mmodzi adamwalira. Kafukufuku adaimitsidwa, zonyamulira zidakonzedwa mwatsopano, ndipo n'chifukwa cha zinthu ngati zimenezi kuti olandira chithandizo cha mtundu uwu amatsatiridwa mpaka zaka 15. Mankhwala omwe mayi athu aja akuwafuna lero adutsa pamsewu womwe ana a ku Paris ndi Jesse adaulipirira.

Ndiye tiwayankhe chiyani awiri aja? Kwa mayi tikuti: kudikira n'kowawa, ndipo si kuchedwa konse komwe kuli ndi chifukwa chabwino, pakuti kwina kumakhala kwa ndalama ndi kukokerana mitengo. Koma gawo la kudikira lomwe limafunsa za chitetezo lidagulidwa ndi miyoyo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa bambo tikuti: kukayikira n'kwabwino kukasanduka mafunso, koma kukathera pa kunong'onezana m'holo kumangotitsekera kunja. Ngati anthu a magazi athu salowa m'kafukufuku, mankhwala adzayesedwa pa matupi a ena, ndipo sickle cell, yomwe imagwira kwambiri anthu ochokera ku Africa, idzatsalira m'mbuyo monga idakhalira kwa zaka zambiri.

Safunsa adadya phula. Wina wa ife akaitanidwa kulowa m'kafukufuku, ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi makomiti ati omwe aunika ntchitoyo, kuti omwe adalandira kale zidawathera bwanji, kuti ndani akulipira ndipo ndani adzapindula, kuti m'nyumba mwake mufunika kusamala chiyani ndipo kwa masiku angati, komanso kuti adzatsatiridwa kwa zaka zingati. Ali ndi ufulu wotenga chikalata kunyumba, kukawerenga ndi abale, ndi kusiya kafukufuku nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chake cha masiku onse. Amene mumasesa kapena kunyamula zinyalala m'malabotale ndi m'zipatala, funsani kuti chili m'thumba lachikasu kapena lofiiriralo n'chiyani, ndipo chitatayika muimbire yani. Lamulo la kuno limafuna kuti olemba ntchito akuuzeni ndi kukuphunzitsani. Ndipo dziwani kuti makomiti a NHS oona za ufulu wa olowa m'kafukufuku amakhala ndi mipando ya anthu wamba, yomwe munthu amaifunsira kudzera ku Health Research Authority. M'bungwe lathu muli aphunzitsi, abusa, oyendetsa mabasi ndi anamwino. Sitikuona chifukwa choti mipando imeneyo izikhala yopanda munthu wodziwa kuti kugona m'chipatala ndi mwana wa sickle cell kumatanthauza chiyani.

Mu Januwale 2025 a NICE adavomereza kuti Casgevy aziperekedwa pa NHS ku England kwa odwala ena a sickle cell a zaka 12 kupita m'mwamba, amene matenda awo ndi aakulu ndipo alibe woti awapatse maselo a m'mafupa ofanana nawo. Tidawaimbira mayi aja tsiku lomwelo. Sadalulutire monga tinkayembekezera, chifukwa pa nthawiyo adali atawerenga okha kuti wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu a chemotherapy, amagona m'chipatala milungu ingapo, ndipo akhoza kudzalephera kubereka. Adatiuza kuti chisankhocho n'cha mnyamatayo, amene tsopano ndi wamkulu ndithu, ndipo iwo agula kope lomwe akulembamo mafunso oti akafunse adokotala. Adatipempha kuti tidzawaperekeze. Bambo aja atamva, adati nawonso ali ndi mafunso awiri oti alembedwe m'kopemo, ndipo mayiwo adawalembera.

Pamsonkhano wotsatira tidzabweretsa mapepala ofotokoza mmene munthu wamba amafunsira mpando wa komiti. Amene muli kutali, ku Johannesburg, ku Harare kapena ku America, funsani za makomiti a kumene muliko, kenako mutilembere kudzera kwa akonzi kuti tiphunzire tonse.